Thukuta ndi lomwelo, koma mtengo wake ndi wosiyana

Pali mawu amene amanditopetsa pa Facebook pano: "Amalawi ndife aulesi, n'chifukwa chake tili osauka." Amene amalemba zimenezi ndikanakonda atadzuka 4 koloko m'mawa n'kuima pamsewu wochokera ku Chinamwali, ku Zomba. Aone amayi atasenza mitolo ya nkhuni kutsika m'phiri, aone anyamata a kabaza akupalasa njinga pachitunda, kumbuyo atakweza munthu ndi thumba la makala. Aone a matemba ochokera ku Kachulu akufika mumsika kusanache. Ulesi wake uli pati pamenepa?

Ndili ndi msuweni wanga, namwino. Anagwira ntchito kuno zaka zingapo, malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati, kenako katapila. Panopa ali ku Manchester, akusamalira okalamba. Manja ndi omwewo, mutu ndi womwewo, mwinanso kuno ndiye ankakhetsa thukuta kwambiri, poti wodi yonse inkakhala pamutu pake usiku wathunthu. Koma lero ndi amene akulipirira fizi ana atatu a pamtundu pathu, ndipo wamangira amayi ake nyumba ya malata ku Jali. Sanasinthe iye ayi. Chasintha ndi dziko limene akugulitsako mphamvu zake.

Katswiri wina wa zachuma, Branko Milanovic, anafufuza zimenezi n'kupeza kuti kusiyana kwa ndalama zimene anthu amapeza padziko lapansi, mbali yoposa theka imachokera pa dziko limene munthu akukhala. Khama, sukulu ndi nzeru zimabwera pambuyo. Lipoti la World Inequality Report la 2022 linanenanso kuti anthu 10 pa 100 alionse, olemera kwambiri aja, amatenga 52 peresenti ya ndalama zonse zimene dziko lapansi limapeza, pamene theka la anthu onse, ife a pansife, timagawana 8.5 peresenti yokha. Nkhuku yonse yadyedwa ndi anthu ochepa, ena tonse tikulimbirana msuzi wotsala mumphika.

Ndipo si zalero. Agogo athu ankakwera ndege za Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Golide anatsala komweko. Lero tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amamwedwa ku London, koma funsani wothyola masamba kuti pa tsiku amalandira zingati. Fodya timamulima ife, kumupachika m'zigafa ife, mtengo amatiuza ndi ogula pa okushoni. Kenako timagula zovala zimene iwo atopa nazo, n'kumakanganirana pa kaunjika ngati tapeza mwayi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mayi wogulitsa mandasi pa Matawale sanalakwe chilichonse usiku umenewo, koma kutacha ufa, mafuta ndi shuga zinali zitamuthawa. Amene anali ndi madola ku akaunti anadzuka atalemera. Pajatu izi zinachitika miyezi yochepa chabe namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi nyumba kuno kummwera, mu March chaka chomwecho, pamene utsi umene ukusokoneza nyengowu wambiri umachokera kumafakitale a mayiko olemera. Ife wathu utsi ndi wa mbaula.

Musandimve molakwa, sindikuyeretsa akuluakulu athu. Kusiyana komweku kuli ndi pakhomo pathu pano. Pali ena amadwala mutu n'kukwera ndege kupita ku India, pamene wina wa ku Chingale akuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala ku famase. Akuba ndalama za boma ndi anzathu omwe, timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Koma ngakhale atasiya kuba mawa, mlimi wa nandolo sadzakhalabe ndi mawu pa mtengo wa nandolo wake.

Msuweni wanga uja anandiimbira sabata yatha. Akuti anzake awiri amene ankagwira nawo ntchito kuno ayamba kale kukonza mapepala. Ndinafuna kumuuza kuti awaletse, odwala athu atsala ndi ndani. Koma ndinakumbukira kuti fizi ya mwana wanga teremu ino yachokera kwa iye yemweyo, ndiye ndinangoti, "Uwathandize, asaberedwe ndi madobadoba."