Avengers kapena Dune: ku Dar amawerenga matikiti, ku Mzuzu timadikira womasulira

Msuweni wanga amene amakaoda nsapato ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kudzagulitsa pa msika wa Taifa kuno ku Mzuzu wabwerako ndi mkangano. Akuti anzake a ku Dar es Salaam ayamba kale kubetcherana, chifukwa eni mafilimu akonza zotulutsa Avengers: Doomsday ndi Dune: Part Three tsiku limodzi, pa 18 Disembala 2026. Funso ndi loti idzaphe makwacha ambiri ndi iti.

Ine pa ndalama sindikuonapo chokanganira. Avengers: Endgame ya 2019 inapanga pafupifupi madola 2.8 biliyoni, pamene Dune yachiwiri ya 2024 inangopitirira pang'ono madola 700 miliyoni. Komanso Robert Downey Jr. wabwereranso, ulendo uno osati ngati Iron Man koma ngati chigawenga Doctor Doom. Anthu adzakhamukira kukaona zimenezo.

Msuweni akukana. Iye Dune yachiwiri anaionera ku Mlimani City, mu holo ya Century Cinemax, ndipo mpaka lero amasimba kuti chinyongolotsi chija chitatuluka mumchenga mpando wake unanjenjemera. “Iwe sunaionere filimu ija,” amatero, “unangoiona.” Zimandiwawa, koma akunena zoona. Ine ndinaionera pa foni kunyumba ku Zolozolo, magetsi atathima, batire ikutha. Mwana wa mlongo wanga anapirira kanthawi, kenako n'kufunsa, “Amalume, ayamba nthawi yanji kumenyana?” Posakhalitsa anali m'tulo.

Apa ndi pamene tasiyana ndi anzathu. Ku Dar, ngakhalenso ku Lusaka pa Manda Hill, munthu amagula tikiti, n'kulowa ndi mbuliwuli m'manja, filimu ikadali yamoto. Tikiti imeneyo imawerengedwa, ndiye kubetcha kwawo kuli ndi poyambira. Kuno filimu imafika mochedwa, kudzera kwa anyamata obena, pa fulashi kapena pa memore. Imakathera m'vidiyo shoo ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa: mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika atayipachika panja kuti odutsa akopeke. Ndalama yolowera ija ku Hollywood saidziwa n'komwe.

Ndipo amene amagamula mlandu kuno si mkulu wojambula filimu ayi, ndi womasulira. Akaiika m'Chichewa, n'kupatsa akatswiri maina a kwathu, wina n'kumutcha mjomba, wina mfiti ya pamudzi, holo yonse imafa ndi phwete, ngakhale omwe kunyumba amayankhula Chitumbuka chokhachokha. Avengers imamupatsa zochita womasulirayo, poti muli anthu ambirimbiri ovala modabwitsa, zibakera, nyumba kugwa. Nanga Dune akaitani? Chipululu, anthu kuyang'anizana nthawi yaitali, kunong'onezana za maulosi ndi ndale za mafumu. Nyimbo za Hans Zimmer zimene zinagwedeza mpando wa msuweni, pa kasipika ka m'vidiyo shoo zimangomveka ngati chigayo chili patali.

Tisanamizane kuti a ku Tanzania onse amapita ku Mlimani City. Nawonso ali ndi tizisakasa toonetsera mafilimu, amati vibanda umiza, ndipo zomasulira m'Chiswahili anayamba kale. Dzina la Lufufu, yemwe anatchuka pomasulira mafilimu, limadziwika kwambiri kumeneko. Mukawoloka pa Songwe n'kufika ku Kyela mupeza zofanana ndi za ku Karonga. Kusiyana kwake n'koti iwo ali ndi njira ziwiri, wa ndalama kwake, wa makobiri kwake. Ife ku Mzuzu tili ndi imodzi.

Ndiye ndalosera kuti Avengers idzapambana konsekonse, pa matikiti a ku Dar ndi pa mabenchi a ku Chibavi pomwe. Dune idzatamandidwa ndi anthu ochepa amene adzaionere pa chinsalu chachikulu, ndipo adzativutitsa nayo chaka chonse. Tabetcherana tchipisi cha pachiwaya ndi mazira awiri. Msuweni wanena kale kuti katundu wa Khirisimasi adzakaoda mochedwa dala, kuti pa 18 padzamupeze ali ku Dar.