Sitima zatsopano pa Piccadilly, nanga masiginolo?

Aliyense amene anatsikapo ndege pa Heathrow n'kukwera Tube, sitima za pansi pa nthaka za mu London, amazidziwa sitima za pa mzere wa njanji wa Piccadilly: zothina, zotentha ngati uvuni nthawi yotentha, chikwama uli nacho pamiyendo. Sitima zimenezi ndi za mtundu wa 1973. Za pa mzere wa Bakerloo ndiye agogo enieni, za 1972, ndipo palibenso sitima zakale kuposa izi zonyamula anthu tsiku ndi tsiku ku Britain kuno.

Ndiye anthu akusangalala kuti kampani ya Siemens ikupanga sitima 94 zatsopano za Piccadilly, zina ku Vienna ku Austria zina ku Goole ku England, zokhala ndi makina oziziritsa mpweya. Inenso ndasangalala, ndisaname. Koma maganizo anga ndi akuti tikuvala malaya atsopano tisanasambe.

Chimene chimalamula kuti sitima zibwere zingati pa ola si kukongola kwa sitimayo, koma masiginolo. Kachitidwe kakale kamagawa njanji m'zigawo, ndipo sitima siloledwa kulowa m'chigawo mpaka ya kutsogolo itatulukamo. Choncho pakati pa sitima ziwiri pamatsala mpata waukulu, inu muli pa pulatifomu kupanikizana ngati matemba. Pomwe pali makina amakono, kompyuta imadziwa pamene sitima iliyonse ili ndi liwiro lake, ndiye zimatha kutsatana pafupi popanda ngozi. Pitani pa mzere wa Victoria mukaone: sitima 36 pa ola, ina ikangochoka musanatsegule n'komwe foni ina yafika. Piccadilly ili pa 24. Sitima zatsopanozi akuti zidzafikitsa 27. Kuti ifike pamene pali Victoria, mpaka masiginolo asinthidwe, ndipo ntchito imeneyi ndi imene yakhala ikudikira ndalama.

Sindikudabwa. Sitima yatsopano nduna imaima pambali pake, kujambulitsa, kudula riboni. Ndani angajambulitse ndi mawaya a m'ngalande yamdima? Komanso ntchitoyo ndi yowawa: amisiri amalowa usiku sitima zikasiya kuyenda, maola ochepa chabe, m'mawa zonse zikhale zabwerera m'malo. Akatseka mzere Loweruka ndi Lamlungu, timadandaula ndife tomwe.

Kwa ine, atseke. Ndilolera kukwera basi ya m'malo mwa sitima masabata angapo kusiyana ndi kudzakhala mu sitima yozizira bwino, itaima pakati pa Hammersmith ndi Barons Court, kudikira getsi lobiriwira.