Nyenyezi zisanu sizinandikhutitsepo

Mlungu wathawu alamu anga ananditumizira uthenga. Akubwera kumzinda kuno masiku atatu, ndiye akuti, "Alamu, mundilembere malo abwino odyera, mabala, ndi kokayenda." Ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali osalemba kanthu. Zaka zonse zimene ndakhala mumzinda waukuluwu, malo amene ndimawakondadi sakwana zala za dzanja limodzi. Ndipo ndikudziwa kuti ndikawatchula, alamuwo akawafufuza pa intaneti, aona zithunzi zake, n'kuyamba kuganiza kuti ndawanyoza.

Ndiye ndiloleni ndinene maganizo anga pano, amene mukufuna kunditsutsa munditsutse. Malo apamtima mumzinda waukulu munthu umachita kuwapanga wekha. Umapitako kamodzi, n'kubwererako kawiri, katatu, mpaka tsiku lina ukungolowa pakhomo wina n'kukufunsa kuti, "Mwasowatu, kwagwanji?" Foni ingakuuze komwe kuli khamu, basi. Komwe angadzakusowe umakupeza ndi mapazi.

Malo anga oyamba ali kuseri kwa depoti ya mabasi, m'kamsewu koti galimoto ziwiri sizingapatukirane. Muli matebulo asanu ndi limodzi, lina logwedera, analiikira kakatoni kopinda pansi pa mwendo. Menyu amalemba ndi choko pabolodi, chikatha amangofufuta ndi chala. Amayi amene amaphika pamenepo si omwetulira mwachisawawa. Tsiku loyamba anandiikira mbale osandiyang'ana n'komwe. Ulendo wachisanu mpamene anandifunsa ngati ndikufuna aonjezere msuzi. Pano ndikangokhala pansi mbale imabwera ndisanatsegule pakamwa, tsabola ali pambali, poti anazindikira okha kuti ndimamukonda koma m'mimba mwanga simugwirizana naye. Tsiku lina ndinapitako ndili ndi chimfine, maso ali psuu. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Lero simudya zanu zija." Anandibweretsera supu wotentha yemwe pabolodi panalibe. Tandiuzani, zoterezi pa intaneti mumazipatsa nyenyezi zingati?

Nzeru imeneyi ndinaigula ndi manyazi. Zaka zingapo zapitazo azakhali anga anabwera kudzandiona, ine n'kufuna kuonetsa kuti mwana wawo tauni anaizolowera. Ndinatsegula foni n'kusankha lesitanti imene inali pamwamba penipeni. Dzina lake tilisiye. Tinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu, azakhali atakumbatira chikwama pachifuwa, akusinthanitsa miyendo. Titalowa tinapeza nyimbo zili pamwamba, moti tinkalankhulana ndi manja ngati anthu a kutsidya lino ndi kutsidya ilo la mtsinje. Mbale zinabwera zazikulu ngati beseni, pakati pake kachakudya kokwana masupuni atatu, katsamba kali pamwamba. Pamatebulo oyandikana nafe panalibe amene anayamba kudya. Aliyense anali chiimire ndi foni kujambula, chakudya chikuzizira. Ife tisanamalize, weita anali ataima kale pambali ndi bilu, chifukwa panja anthu ankadikira mipando yathu. Potuluka azakhali anandigwira mkono n'kundinong'oneza, "Mwana wanga, nanga tsopano tikadya kuti?" Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kuchokera tsiku limenelo ndemanga za pa intaneti ndimaziwerenga ndi diso limodzi. Mwina ena mukuikumbukira nkhani ya ku London ya mu 2017. Mtolankhani wina, Oobah Butler, analembetsa pa TripAdvisor, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalemba ndemanga za malo odyera ndi ogona, kashedi kamene ankakhalamo, n'kukapatsa dzina loti The Shed at Dulwich. Lesitanti kunalibe. Anzake ankalemba ndemanga zabodza zoyamikira, ndipo zithunzi za chakudya anazipanga ndi zinthu ngati thovu lometera ndevu. Chithunzi china chinali dzira ataligoneka paphazi lake, kamera itayandikira kwambiri kuti phazilo lisadziwike. Aliyense woimba foni kufuna tebulo ankauzidwa kuti malo adzaza, ayese pakapita milungu. Apa mpamene anthu anapengera. Patangopita miyezi pafupifupi 6, malo osawiritsa ngakhale madzi a tiyi anafika pa nambala 1 mwa malo odyera oposa 18,000 a mu London. Nditaimva nkhaniyi ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinasiya kuseka, chifukwa ndinadziona ndekha pamzere uja ndi azakhali. Njala inatipititsa kumeneko inali yofuna kulowa pamene ena akubwezedwa.

Ngakhale nyenyezi zolemekezeka zija za Michelin, zimene amapatsa malo odyera ophika bwino kwambiri, mukafufuza gwero lake mupeza matayala. André ndi Édouard Michelin, munthu ndi mchimwene wake, ankapanga matayala ku France, ndipo mu 1900 anatulutsa kabuku kaulere kouza oyendetsa galimoto komwe angapeze mafuta, amakaniki ndi pogona. Ankafuna anthu aziyenda maulendo ataliatali, matayala aziperepeseka, azigula ena. Nyenyezi za malo odyera zinayamba mu 1926, ndipo dongosolo la nyenyezi imodzi mpaka zitatu linabwera mu 1931. Sindikunyoza ayi, anthu awo oyendera malesitanti chakudya amachidziwa kundiposa kutalitali. Kungoti kabukuko anakonzera munthu wapaulendo, woti adye kamodzi n'kupitirira. Iwo amafunsa ngati malowo ndi oyenera kupatukirako. Ine ndimafunsa ngati ndingamadye pamenepo Lachiwiri lililonse osatopa napo, ndipo mayankho a mafunso awiriwa kawirikawiri sakumana.

Kuti musanene kuti ndikukondera, mu 2016 a Michelin omwewo anapereka nyenyezi kwa a Chan Hon Meng, bambo wogulitsa nkhuku ndi mpunga pakamalo kakang'ono mumsika wa zakudya ku Chinatown, ku Singapore. Ndinakondwera nazo, poti kamodzi kokha aulemu anawerama n'kulawa za anthu wamba. Koma taonani zimene zinatsatira. Mizere inatalika mpaka maola, nthambi zinatsegulidwa m'mayiko ena, ndipo pofika 2021 nyenyezi ija inachoka. Ine amene ndimawaganizira ndi makasitomala awo akale, aja ankathamangirako nthawi ya nkhomaliro, kudya msangamsanga n'kubwerera kuntchito. Alendo a makamera atadzaza mzere, iwowo anakadya kuti? N'chifukwa chake dzina la malo a amayi aja a kuseri kwa depoti simuliona pano. Ndinu omasuka kunditcha wodzikonda, ndavomera.

Za mabala ndili ndi lamulo limodzi lokha. Ngati sindingamve zimene mnzanga akunena popanda iye kundilavulira m'khutu, ndimamaliza chakumwa changa n'kumapita. Mabala a padenga la nyumba zitalizitali aja ndi abwino kupitako kamodzi, uone magetsi a mzinda ali ngwee mpaka kumene maso alekezera, ujambule, utsike. Kachiwiri umazindikira kuti ukulipirira chikepe ndi mphepo.

Bala yanga ili pansi pa nyumba ina yakale, umachita kutsika masitepe. Kauntala yake ndi yathabwa, inasalala ndi kuyera pamene zigongono za anthu zimatsamira. Wailesi yakanema ilipo, koma mawu amakweza pokhapokha ngati kuli mpira. Pakona pamakhala madala ena opuma ntchito, nyuzipepala ili m'manja, ndipo ntchito yawo yatsopano ndi kutsutsa aliyense. Ukanena kuti kunja kukuzizira, iwo akuuza kuti iwe kuzizira sunakuonepo. Tinakanganapo za timu inayake miyezi itatu yathunthu, mpaka pano dzina lawo lenileni sindilidziwa, iwonso langa salidziwa, amangonditcha "aphunzitsi" chifukwa cha magalasi. Tsiku lina nditamwa mabotolo awiri ndinapisa m'thumba n'kupeza kuti kachikwama ka ndalama ndasiya kunyumba. Thukuta linayamba. Mwini bala anangolemba pakapepala, n'kukabaya pamsomali kuseri kwa kauntala, pamene panali timapepala tina tambiri, n'kunena kuti, "Mudzapereka mukadzabwera." Kuona kapepala kanga pakati pa timapepala ta anthu ena kunandisangalatsa kuposa mmene ngongole iyenera kusangalatsira munthu.

Ku Tokyo, m'dera la Shinjuku, kuli malo otchedwa Golden Gai. Ndi tinjira 6 topanikizana, muli mabala oposa 200, ambiri mwa iwo anthu osakwana khumi akalowa ndiye kuti adzaza. Ena mwa mabalawo salandira munthu wachilendo pokhapokha atabwera ndi kasitomala wodziwika. Nditamva koyamba ndinati uku ndiye kudzikuza. Pano ndimawamvetsa. Mumzinda wa anthu oposa 30 miliyoni mukaphatikiza madera ouzungulira, munthu akaweruka amakadzipanikiza m'kachipinda ngati khola la nkhunda, chifukwa m'menemo mokha ndi mmene wina angazindikire kuti dzulo sanabwere. Mpando umodzi ukapita kwa wodutsa, mwini wake aima panja.

Tsono kokayenda. Apa ndiye ndimadabwa ndi anthu amene amaganiza kuti chosalipira n'chosakoma. Ku New York, sitima ya pamadzi yopita ku Staten Island ndi yaulere kuyambira 1997, ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 25, ndipo imadutsa poti chipilala cha Statue of Liberty umachiona bwinobwino, uli pakati pa anthu opita kuntchito amene sakuchiyang'ananso n'komwe. Ku Bogotá, ku Colombia, Lamlungu lililonse amatseka misewu yotalika makilomita oposa 100 kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko masana, galimoto osadutsa, kuti anthu apalase njinga, athamange, ana asewere pakati pa msewu. Anayamba zimenezi m'ma 1970 ndipo mpaka lero sanasiye. British Museum ya ku London, imene inatsegulidwa mu 1759, kulowa n'kwaulere. Ubwino wa nyumba zoterezi ukakhala kuti sulipira ndi wakuti sukakamizika kuona zonse tsiku limodzi. Umalowa, kuona chipinda chimodzi, n'kutuluka mutu usanayambe kuwawa. Amene walipira zambiri amayenda mpaka mapazi atupe pofuna kubweza ndalama yake, pomaliza osakumbuka chilichonse.

Koma chimene ndimakonda kuposa zonsezi sichili pamndandanda uliwonse. Ndimakwera basi imene sindinaikwerepo, kukhala pawindo, mpaka kumene imathera. Umaona mzinda ukuvula jekete pang'onopang'ono. Nyumba zamagalasi zimatha, kumabwera mashopu a zitsulo ndi magalaja, kenako zovala zoyanikidwa pamakonde, ana a sukulu akukankhana pokwera, agogo akutsika ndi katundu woposa msinkhu wawo, wina n'kuwalandira osafunsidwa. Kumapeto kuja nthawi zonse kumakhala kamalo kodyera madalaivala, ndipo sindinakhumudwepo nako. Munthu amene amadya malo amodzi masiku onse, nthawi yake ili yochepa ndiponso ndalama zake zili zowerengeka, sanyengedwa ndi katsamba pamwamba pa mbale. China ndi msika waukulu m'bandakucha, malole akutsitsa katundu, ogulitsa akumwa tiyi chiimire. Ukafika dzuwa litakwera wapeza zotsala.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti, "Zonsezo n'zabwino kwa inu okhala konko, nanga mlendo wa masiku atatu angakhale bwanji kasitomala wodziwika?" Funso lake ndi loona, ndipo sindinama, mlendo sangapeze zimene ine ndinazipeza m'zaka. Komabe masiku atatu ndi okwanira kubwerera malo amodzi kawiri. Ambiri amaona ngati kudya pamodzimodzi kawiri paulendo ndi kuononga mwayi. Tayesani mudzaone. Tsiku lachiwiri weita amakukumbukirani, amakuuzani chimene chapsa bwino lero ndi chimene musachiyerekeze, mwinanso n'kukulozerani bala imene iye amapita akaweruka. Ndipo pofunsa njira ya kodyera, funsani mlonda wa pageti, namwino wotuluka ntchito yausiku, kapena woyendetsa takisi, koma mufunse bwino. Mukati "malo abwino ali kuti" akutumizani kumene akuganiza kuti alendo amafuna. Muziti, "Inuyo mumadya kuti?" Ena amachita manyazi kaye, amati kumeneko si koyenera inu. Kumeneko ndiye kopita.

Pali chinanso chimene chimapweteka, chimene okonda mindandanda sachidziwa. Malo oterewa amafa. Lendi ikwera, nyumba igulitsidwa, wophika akalamba ana ake osafuna kupitiriza. Ndinali ndi malo ena omwera khofi amene ndinapitako zaka zinayi, tsiku lina ndinapeza mawindo atamatidwa manyuzipepala, patapita mwezi pali shopu ya mafoni. Ndinaima pakhomo paja ngati munthu wofika pamaliro mochedwa, ndipo panalibe woti ndimupepese kapena kundipepesa. Mpaka pano ndikamadutsa msewu umenewo ndimayenda tsidya linalo.

Alamu aja ndawayankha usiku wathawu. Ndawauza kuti mndandanda palibe, abwere ndi nsapato zoyendera, Loweruka tidzuka kusanache, ndipo nkhomaliro tikadya kwa amayi ena amene mwina sadzawamwetulira. Ayankha m'mawa uno ndi chithunzi cha bala ina ya padenga, anthu atanyamula matambula a zakumwa zamitundumitundu, pansi pake alemba kuti, "Nanga kuno alamu?" Ndawauza kuti tipita, Lachisanu madzulo, dzuwa likamalowa. Bilu ya kumeneko alipira okha.