Chenjezo: chilonda cha pamsongolo chimene mwachizolowera

Abale athu a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, tamverani. Alipo ena mwa inu amene ali ndi kabowo kotuluka mafinya pamsongolo kuyambira ali ana, ndipo angokazolowera. Amamangapo kansanza, amagula makapisozi pamsika, n'kuthira ufa wake pachilondapo. Ena amakatemera mphini. Mukudzipha nokha.

Mafinya amenewo akuchokera m'fupa. Tizilombo tikalowa m'fupa, chidutswa china chimafa, magazi safikakonso. Mankhwala amayenda ndi magazi, ndiye ngakhale mumwe makapisozi chaka chathunthu, sadzakhudza fupa lakufalo. Liyenera kuchotsedwa pa opaleshoni, mkatimo n'kupalamo bwino. Mwana akakhala ndi bowo lotere mupite naye ku Gulupu kapena ku chipatala cha mafupa cha Beit CURE, osadikira kuti akule.

Mukalekerera, khungu la m'mbali mwa bowolo limangonyeka, kupola, kunyekanso. Pakatha zaka 20, 30 kapena kuposerapo, nthawi zina limasanduka khansa, imene madokotala amaitcha chilonda cha Marjolin. Khansayi imayamba pakhungu n'kudya fupa, ndipo ndi yolusa kuposa khansa wamba ya pakhungu. Si aliyense amene imamugwira, koma musadzinamize kuti inu ndinu apadera.

Zizindikiro zake sizibisala. Chilonda chimene chinali phee chimayamba kuwawa, fungo limasintha n'kukhala loipa kwambiri, mafinya amasakanikirana ndi magazi, m'mphepete mumatukuka nyama yonga bowa yosachedwa kutuluka magazi. Mwanabele akatupa m'mphechepeche, nthendayo mwina yayamba kale ulendo. Tengani buku lanu la kuchipatala sabata yomweyo, mupemphe kalata yokutumizani ku Gulupu.

Kumeneko adzajambula fupa ndi chifuwa, adzadula tinyama m'malo angapo, pakati ndi m'mbali, kuti akapime. Musakane ponena kuti mpeni ufalitsa matenda. Kanyama ka malo amodzi kakhoza kuphonya khansa, n'chifukwa chake nthawi zina amabwereza.

Ikapezeka msanga, amaichotsa pamodzi ndi nyama yabwino yozungulira, pafupifupi masentimita 2, n'kuikapo khungu lotengedwa pantchafu. Ikalowa kwambiri m'fupa, njira yodalirika ndi kudula mwendo. Apa ndi pamene achibale mumalakwitsa. Mumamuthawitsa wodwala usiku, mukuti amalume ake sanavomereze, n'kubwerera naye pakatha miyezi isanu khansa itafika m'mapapo. Nthawi imeneyo mwendo umene akanadula pansi pa bondo amaudula pamwamba, kapena opaleshoni sithandizanso. Mankhwala a khansa a m'diripi ndi kuwotcha khansa ndi makina sizilowa m'malo mwa opaleshoni pa nthendayi, zimangothandizira.

Wodulidwa pansi pa bondo savutika kwambiri kuphunzira kuyenda ndi mwendo woikirira. Akatuluka, asaphonye masiku obwerera kuchipatala, makamaka zaka ziwiri zoyambirira, chifukwa khansa ikafuna kubwerera imakonda nthawi imeneyo, ndipo dokotala ayenera kumakhudza m'mphechepeche ulendo uliwonse.