Khomo lakuseri litsegukenso kwa eni ntchito

Mlongo wanga anabwera kuchokera kunyanja mwezi wa March, mvula ikadagwa, chimanga chachiwisi chitangoyamba kudyedwa. Anatha miyezi 8 osaponda dothi la Thyolo. Amagwira ntchito m'sitima zikuluzikulu zija zonyamula anthu opita kukasangalala panyanja, kutali uko ku Caribbean, ndipo ntchito yake ndi yochapa ndi kusita. Anthu kuno akamva zoti ali pasitima amaganiza kuti amakhalira kuyang'ana mafunde tsiku lonse. Iye akuti pamatha masiku atatu asanaone dzuwa, chifukwa kochapirako kuli pansi penipeni, m'munsi mwa pamene madzi amalekezera, kopanda ndi windo lomwe.

Usiku wachiwiri tinakhala m'khitchini mwa amayi tikuwotcha chimanga. Mpamene anatiuza nkhani imene yandichititsa kulemba izi.

Akuti pa ulendo uliwonse, tsiku limene sitima ili pakati pa nyanja osaima padoko, kumatsika kagulu ka alendo, anthu 15 kapena kuposerapo pang'ono, atakolowekedwa mabaji m'khosi. Amenewa alipira ndalama yapadera kuti aone kuseri kwa sitima, kumene mlendo wamba saloledwa. Pasitima zina ulendo wa maola awiri kapena atatu umenewu umadya madola oposa 100 munthu mmodzi. Amawauziratu kuti avale nsapato zotseka, ndipo wachitetezo amayenda nawo. Amayambira kukhitchini, kenako mosungira chakudya, muli zipinda zozizira, china cha nyama, china cha nsomba, china cha masamba ndi zipatso. Amawadutsitsa mumsewu waukulu wa antchito umene umayambira kumutu kwa sitima mpaka kumchira, womwe pasitima zambiri amautchula kuti I-95, potengera dzina la msewu waukulu wa kum'mawa kwa America. Amawalowetsa m'chipinda mmene mainjiniya amayang'anira injini pamakompyuta, n'kuwauza mmene sitima imasandutsira madzi amchere a m'nyanja kukhala akumwa. Pomaliza amakwera pamwamba, poyendetsera, kukaonana ndi kaputeni kapena omuthandiza. Pakati pa zonsezi, amadutsanso kochapira.

“Achemwali, tsiku limenelo timalidziwiratu,” anatero akukonola chimanga ndi chala chachikulu. Zala zake ndinaziona bwino pamotopo, khungu linachita kuuma n'kumasuwa chifukwa cha sopo ndi nthunzi. “Amatiuza dzulo lake. Timavala yunifomu yabwino, ngolo za matawulo akuda timazikankhira kuseri kwa chitseko. Akafika amathamangira pamakina opinda nsalu zapabedi. Nsalu ikalowa yonyowa uku n'kutulukira uko itauma, itasitidwa, itapindidwa kale, amawomba m'manja. Ena amatipatsa moni, amafunsa kwathu, ndikati Malawi amafunsanso kuti kuli kuti. Koma ena amangotidutsa ndi maso ngati nafenso ndife chitsulo cha makinawo.”

Amayi anali chete nthawi yonseyi. Kenako anangoti, “Ngati ife kale kumunda.”

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndinakulira kumalayini a esiteti. Amayi anathyola tiyi zaka 23. Ankadzuka kusanache, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno kuteteza mame, kukathyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka nthawi ya sikelo. Ndikukumbukira masiku amene galimoto inkaima m'mphepete mwa munda n'kutsika alendo a makamera. Kapitawo ankafuula kuti aliyense aweramire ntchito. Alendo aja ankajambula, ena ankabwereka dengu n'kulibereka kamphindi kuti nawonso ajambulidwe, kenako ankapita kufakitale kukaona mmene tiyi amapangidwira, n'kukamaliza ndi kulawa. Amayi anga, amene manja awo anadyetsa fakitale imeneyo zaka zonsezo, anali asanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Malire awo anali pasikelo, pamene thirakitala inkanyamulira masamba.

Ndiye pamene mlongo wanga ankafotokoza za alendo a mabaji, ine ndinkaona galimoto ija.

Musandimve molakwa. Ine sindikudana ndi maulendo oona kuseriwa. Ndikuwavomereza ndi mtima wonse. Munthu amene wapereka ndalama yake kuti akaone kumene mbale yake imatsukidwa ali ndi chidwi chabwino, ndipo chidwi chotere n'chosowa. Taganizani, sitima ya Icon of the Seas imene inayamba kuyenda mu 2024 ikhoza kunyamula alendo okwana 7,600, ndipo antchito ake ndi oposa 2,300. Ameneyo ndi tauni yathunthu yoyandama. Mwa anthu masauzande onsewo, ambiri amatsika sitima asanadzifunsepo kuti thawulo loyera limene amalipeza m'bafa m'mawa uliwonse lachokera kuti. Kagulu kaja ka anthu 15 kadzifunsa. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo.

Chimene sichindikoka mtima n'chinacho, maphwando a oitanidwa okhaokha. Mlongo wanga akuti nsalu za patebulo za maphwando amenewa amazisita padera, pamanja, ndipo mkulu wawo amabwera kudzaziunika imodziimodzi. Kakhadi kamasiyidwa m'chipinda cha mlendo, kolembedwa dzina lake, komuitanira kukamwa ndi kaputeni kapena kukadya patebulo lake. Oitanidwa ndi amene akwera ndi kampaniyo kambirimbiri, kapena amene agula zipinda zodula kwambiri. Makampani onse akuluakulu ali ndi kalabu ya makasitomala obwerezabwereza. Ya Royal Caribbean ndi Crown & Anchor Society, ya MSC ndi Voyagers Club, ndipo muli makwerero: ukamakwera kwambiri ndi pamene umasendera kufupi ndi kaputeni. Ena a pamwamba amawatengera poyendetsera sitima ulere, malo omwewo amene anzawo amalipirira. Sitima zina zili ndi chigawo chonse chotsekedwa, monga MSC Yacht Club, cholowa okhawo amene khadi lawo limatsegula chitseko chake.

Imeneyo ndi bizinesi, ndikumvetsa. Wogulitsa aliyense amasamala kasitomala wake wakale, ngakhale mayi wa tomato pa Bvumbwe amaika basera kwa amene amamugula tsiku ndi tsiku. Koma basera la pa Bvumbwe silifuna kuti wina aime kunja kwa mpanda. Kukoma kwa phwando la makhadi kwagona pakuti ena sanaitanidwe. Chotsanipo zimenezo, chatsala ndi chakumwa chomwechija ndi nyimbo zomwezija zimene zili pena paliponse m'sitimamo.

Ifenso tayamba zomwezi. Maukwati a masiku ano, kutchalitchi aliyense alowe, koma kumadyerero akuti ndi khadi, pakhomo paima mnyamata wa suti ndi mndandanda wa mayina. Chaka chatha ndinaona azakhali a mkwati atabwezedwa pakhomo la holo chifukwa khadi anaiwala kumudzi. Anakhala pakhonde chitenje chili kumutu mpaka wina anawazindikira. Koma aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kumene ukwati weniweni umachitikira. Ndi kuseri kwa nyumba, pamafuwa, pamene amayi asanu agwirizana kuvundula nsima mumphika waukulu, utsi uli m'maso, nthungululu zikulira, thobwa likutungidwa mumtsuko. Mukafuna kudziwa banja, pitani kumeneko. N'chifukwa chake ndikunena kuti pa zinthu ziwirizi, khadi la kaputeni ndi baji yopita kochapira, ine ndingasankhe baji.

Koma baji imeneyi ili ndi ngongole yake, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse.

Choyamba, anthu akuseri si zoonetsa. Ngati kampani ikulandira madola chifukwa chakuti alendo akufuna kuona mlongo wanga akugwira ntchito, ndiye kuti tsiku limenelo iye wagwira ntchito ziwiri, yochapa ndi yoonedwa. Yachiwiriyo ndani amulipira? Sindikunena zambiri. Ngakhale kagawo kochepa kolowa m'thumba la zosangalatsa antchito, kapena kuwaonjezera intaneti yoti aziyankhula ndi ana awo, kangasonyeze kuti aonedwa ngati anthu. Ndipo wotsogolera alendoyo asamangotchula kuchuluka kwa matawulo amene makina amachapa pa ola. Atchulenso mayina a anthu aima pamenepo, ndi kwawo. Anene kuti uyu ndi wa ku Philippines, uyu wa ku Indonesia, uyu wa ku India, uyu wa ku Malawi. Anene kuti amagona awiriawiri m'kachipinda kopanda windo, ndi kuti pa miyezi yonse ya kontirakiti palibe Lamlungu lopuma tsiku lathunthu. Pangano la mayiko la ogwira ntchito panyanja la 2006, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi maola osachepera 77 pa masiku 7. Werengetsani nokha maola amene atsala ogwira ntchito. Mlendo amene wafuna kuona kuseri auzidwe zimenezinso, poti ndiko kuseri kwenikweniko. Kubisa ngolo za matawulo akuda n'kumuonetsa khonde lina chabe losesedwa bwino.

Wina anena kuti nanga chitetezo, nanga ukhondo. Zoona. Chiyambire 2004 malamulo a chitetezo cha sitima ndi madoko anakhwima kwambiri, ndipo tonse tikukumbukira sitima ya Diamond Princess imene inatsekeredwa padoko la Yokohama mu February 2020, anthu oposa 700 atagwidwa ndi Covid-19. Nthawi imeneyo maulendo a kuseri anaimitsidwa, ndipo kunali koyenera. Palibe akunena kuti zitseko zonse zikhale pululu. Koma ngati chitseko chikutha kutseguka kwa munthu wa madola 100, ndiye kuti chikhoza kutseguka. Funso latsala ndi lakuti, kwa yani?

Ndinamufunsa mlongo wanga ngati iye anafikapo poyendetsera sitima. Anaseka pang'ono n'kupukusa mutu. Makontirakiti atatu tsopano. Malaya oyera a kaputeni amawasita yekha, amadziwa ndi pamene kolala yake inayamba kutha, koma pamene mwini malayawo amaima sanapaonepo.

Ambiri a ife kuno sitidzakwera sitima zimenezi. Zapafupi zimanyamukira ku Durban kupita kuzilumba za Mozambique, ndipo ngakhale zimenezo thumba la mphunzitsi ngati ine silifikako msanga. Yathu ndi Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu chiyambire 1951, nayonso ili ndi apamwamba ndi apansi ake. Koma nkhani ya khomo lakuseri sikufuna nyanja. Ili pompano. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891. Papita zaka zoposa 130, mibadwo ya anthu a Mulanje ndi Thyolo yabadwira m'malayini, yakalambira m'mizere ya tiyi. Ndi angati mwa iwo anaonapo zimene zimachitika tsamba likadutsa pageti la fakitale? M'kalasi mwanga muli ana amene makolo awo onse awiri amathyola tiyi. Nditawafunsa kuti tsamba lobiriwira limada bwanji, mmodzi anayankha kuti amalipaka utoto. Sindinamuseke, chifukwa pa msinkhu wake inenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Pempho langa kwa eni maesiteti ndi mamanenjala amene mukuwerenga izi ndi laling'ono. Pitirizani kulandira alendo akunja, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndalama yawo tikuifuna. Koma patulani tsiku limodzi pachaka la othyola ndi ana awo. Muwaveke magawuni oyera omwewo ndi zisoti zomwezo. Muwayendetse njira yomweyo, muwapatse supuni yomweyo yolawira.

Ife sitinadikire. Mlongo wanga asanabwerere, mu April, tinasonkherana ndalama n'kuwalipirira amayi ulendo woona fakitale pa esiteti ina imene imalandira alendo. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pageti anazengereza, mpaka mlongo wanga anawagwira dzanja n'kuti, “Tiyeni amayi, lero ndinu alendo.”

Mnyamata wotiperekeza anali waulemu kwambiri. Anationetsa mosungira masamba kuti afote, mphepo ikuwomba kuchokera pansi, kenako makina odula ndi kupota, kenako pamene tiyi wodulidwayo amasintha mtundu kuchoka kobiriwira n'kufiira ngati mkuwa, fungo lake lili guu, kenako moumitsira motentha, ndi masefa ogwedezeka olekanitsa magiredi asanapakidwe m'matumba opita kumsika wa ku Limbe. Anatiuza kuti pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Ndinaona milomo ya amayi ikuyenda, akuwerengetsa chamumtima madengu a zaka 23.

Koma pamene anaima nthawi yaitali ndi poyambirira paja, pofotetsera masamba. Anapempha kuti tibwererepo. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, natapa masamba odzaza chikhatho, n'kuyamba kuwasanthula ndi chala monga ankachitira pasikelo. Anatola kamtengo kamodzi kokhala ndi masamba anayi, nakakweza m'mwamba kuti mnyamata uja akaone.

“Mwanawe, uyu wathyola mothamanga. Taona tsamba lachinayili, lakhwima. Mwina anali ndi mwana wodwala kunyumba.”

Mnyamatayo anakalandira kamtengoko ndi manja awiri. Kenako anawafunsa kuti anathyola zaka zingati, ndi kumunda uti, ndipo alendo ena awiri amene tinali nawo anasendera pafupi kuti amve.