Kapepala ka malo mukakawolotsa malire

Amalume anga ali ndi kapepala kamene amakasunga m'jumbo, jumboyo n'kuibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Ndi tsamba long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu. Palembedwa kuti anagula malo kwa auje, malire ake ndi mtengo wa mango kum'mawa ndi chulu kumadzulo, mboni ziwiri zinasainira, a nyakwawa n'kumenyapo chidindo. Mukawafunsa amangoti, "Mapepala ndili nawo, mphwanga, usade nkhawa." Mango aja anadulidwa kalekale, nkhuni zake zinaotcha njerwa.

Ife a m'malire, amene maliro a ku Chipata timakafika ndipo ku Angonia tili ndi apongozi, timaiwala kuti kapepala ngati aka kamalemera mosiyana m'maiko atatuwa: Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Ku Zambia malo onse ali m'manja mwa pulezidenti m'malo mwa anthu. Kukhala ndi malo ako mpaka muyaya kunathetsedwa mu 1975, nthawi ya a Kenneth Kaunda, ndipo lamulo la 1995 silinabwezeretse. Chomwe munthu amapeza ndi lizi yosapitirira zaka 99. Ngati malowo ndi a mfumu, umayamba wapeza chilolezo cha mfumu yaikulu, khonsolo n'kuvomereza, kenako nkhani ipite kwa Commissioner of Lands, mkulu woona za malo kuboma. Masaveya akhome mabikoni, ndiye chikalata chituluke. Pogulitsana pamafunika chilolezo cha boma ndi msonkho, ndipo chikalata chosamutsa umwini chikapanda kulembetsedwa mu kaundula pa nthawi yake, lamulo limachiona ngati kulibe. Chikalata cha ku Zambia ndi cholimba, banki imachilandira. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti khomo lake ndi lolowera lokha. Malo akachoka kwa mfumu n'kulowa mu lizi, sabwereranso kumudzi. Wodziwa njira za mu Lusaka atha kutenga dambo lomwe mudzi wonse unkadyetsako ng'ombe, onse n'kudzazindikira waya atazungulira kale.

Ku Mozambique anayenda njira ina, ndipo ndivomere kuti lamulo lawo limandikoka mtima. Kumeneko malo ndi a boma basi, sagulitsidwa, sachita chikole. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene amautcha DUAT. Lamulo la 1997 limati ufuluwu ungabwere m'njira zitatu: kukhala pamalo motsata mwambo wa makolo, kukhalapo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10, kapena kupempha kuboma. Pamene pali pokoma ndi apa: kusowa pepala sikukuchotsera ufulu. Anthu a m'mudzi akaima n'kunena kuti agogo awa alima pano chibadwire chathu, umboni wapakamwawo lamulo limaulandira. Wofuna malo a bizinesi ndiye amene amatuluka thukuta: akambirane kaye ndi eni mudzi, apatsidwe chilolezo chongoyembekezera cha zaka 5 ngati ndi nzika, zaka 2 ngati ndi wakunja, ndipo akachita zomwe analonjeza amalandira DUAT ya zaka zosapitirira 50, yotheka kuwonjezera.

Musaganize kuti ku Tete malo sagulitsidwa ayi. Amagulitsidwa ndithu, koma pepala limanena kuti wagula nyumba, mitengo kapena kachisakasa kamene kali pamalopo, chifukwa zomanga n'zololedwa kugulitsa. Aliyense amadziwa chomwe chagulidwa, koma palibe amachitchula dzina. Ndipo umboni wapakamwa umakoma mboni zikadali moyo, komanso pamene wotsutsana naye sanabwere ndi loya.

Nanga kwathu? Malawi ali ndi akaundula awiri. Wakale uja amangolemba kuti chikalata chakuti chinabwera tsiku lakuti, osalonjeza kuti wogulitsayo analidi mwini. Winayo, wa lamulo la 1967, amalemba puloti yeniyeniyo ndi nambala yake, ndipo amene dzina lake lili mmenemo ndiye mwini. Akuluakulu a kumadzulo kwa Lilongwe akukumbukira za ndunda, pamene malo a banja lonse ankalembedwa m'dzina la mtsogoleri wa banja. Kwina konse kumudzi, kwa zaka zambirimbiri, wofuna pepala la boma ankangoyenera kusandutsa munda wake lizi, monga ku Zambia.

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linayesa kudutsa pakati. Munda utha kulembetsedwa m'dzina la munthu kapena banja popanda kudikira lizi ya zaka zowerengeka. Ntchitoyi imayambira ku komiti ya pamudzi, wapampando wake ndi a gulupu, ndi anthu ena 6 osankhidwa, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Kwa ife a chikamwini mfundo ya amayiyi si yaing'ono, poti munda ndi wa mbumba, koma pa kapepala ka m'kope nthawi zambiri pamaoneka dzina la bambo. Lamuloli anayamba kuliyesera ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Mafumu ena analikana poyamba, poopa kuti ufumu wopanda malo ogawa ndi chipewa chabe, ndipo mu 2022 linakonzedwanso.

Mutandifunsa, ndingatenge kuchokera ku Mozambique ulemu umene amapatsa mawu a anthu a m'mudzi, ku Zambia n'kutengako kulimba kwa kaundula, koma osati khomo lolowera lokha lija. Lamulo lathu pa pepala lili pafupi ndi zimenezi. Vuto ndi liwiro: midzi yambiri sinaonebe saveya, pamene madobadoba a maploti anafika kalekale, ndipo puloti imodzi ikugulitsidwa kwa anthu awiri, aliyense ali ndi chidindo chake.

Amalume ndinawapempha kuti tipite limodzi ku ofesi ya za malo kuboma tikafunse ngati kwathu kulembetsa kunayamba. Anati tipita akamaliza kukolola. Chulu chakumadzulo chija mnansi wayamba kuchigumula, akuti dothi lake ndi labwino kuumbira njerwa.