"Wakhala nambala chani?": mayeso a ana kwathu kuno ndi kwa anzathu oyandikana nawo

Tsiku lotsekera teremu, mwana akatulukira pakhomo ndi kapepala kake kopindapinda, funso loyamba timalidziwa tonse: "Wakhala nambala chani?" Zoti wayamba kulumikiza zilembo, kapena kuti masamu ochotsera omwe ankamuliza aja ayamba kumulowa, sitifunsa. Ine ndinakula nalo funsoli, ndipo tsiku lina ndinalifunsa kwa mdzukulu wanga wa zaka 6, mlamu wanga wa ku Angonia ali pompo. Mwanayo anayankha motsitsa mawu kuti wakhala nambala 71 ndipo aphunzitsi akuti mwina abwereza. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Kamwana aka kabwereze? Kalakwa chiyani?"

Kusekako kunali ndi pogwira. Ku Mozambique, kuyambira 2004, makalasi a pulayimale anawaika m'magawo, ndipo m'kati mwa gawo mwana amangopitirira ndi anzake. Pomuunika ngati apite kapena atsale ndi kumapeto kwa gawolo. Malikisi awo amayambira 0 kulekezera 20, ndipo 10 ndiye pokhozera. Ganizo lake ndi lomveka kwa aliyense amene analerapo ana: satseguka mutu tsiku limodzi. Wina amayamba kuwerenga ali ndi zaka 6, wina amachita kufika 8, koma pofika zaka 12 sungawasiyanitse. Kumudinda chidindo cha "wolephera" mwana amene sanathe n'komwe kugula mano ndi kufulumira.

Koma alamu omwewo, titakhala pansi, anavomera mbali ina. Makolo ndi aphunzitsi kwawoko akhala akudandaula kuti ana amakwera makalasi ngati makwerero, n'kukafika kalasi yachisanu osatha kuwerenga chiganizo. Chipwitikizi chimawonjezera mavuto, poti mwana wa ku Ulongue amene kunyumba amayankhula ngati wa ku Dedza amakumana nacho pasukulu. Maphunziro a m'zinenero ziwiri, kuphatikizapo Chinyanja ku Tete ndi Niassa, alipo koma sanafike sukulu zonse.

Ife tinatenga njira inayo, yobwereza, ndipo timaikhulupirira ngati mankhwala. Funso langa ndi loti, akabwereza amapeza chatsopano chanji? Chichokereni 1994, pomwe pulayimale inakhala yaulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi oyambirira sanapumepo. Kalasi ya Sitandade 1 yokhala ndi ana oposa 100 si chodabwitsa. Wobwereza amabwerera pa simenti yemweyo, kutali ndi bolodi chimodzimodzi, kumva nyimbo ya a e i o u yomweyo. Chomwe chasintha n'choti tsopano ndi wamtali kuposa anzake ndipo akudziwa kuti amamutcha mbuli. Abwereze kawiri katatu, mtsikana amafika Sitandade 5 atakula kale, manyazi n'kumugwira, sukulu n'kuthera pomwepo. Anzathu amamukankha mwana kutsogolo osamuthandiza, ife timamubweza m'mbuyo osamuthandizanso. Zotsatira za mayeso zimathera pa kapepala kaja, palibe amene amakhala pansi n'kuona kuti chamuvuta ndi chilembo chiti.

Tikaoloka Songwe, ku Tanzania kuli zina zimene ndimasirira. Makalasi awiri oyambirira anawapatulira zinthu zitatu zimene amazitcha KKK, kutanthauza kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Bungwe lawo la mayeso, NECTA, limayesa ana onse pa Sitandade 4, osadikira kuti afike kumapeto monga MANEB imachitira ndi mayeso a Sitandade 8. Chachikulu, m'sukulu zaboma pafupifupi zonse pulayimale yonse imaphunzitsidwa m'Chiswahili, ndipo mayeso amabwera m'chinenero chomwecho. Kwathu mwana amasiya kuphunzitsidwa m'Chichewa pofika Sitandade 5, ndipo pa PSLCE mapepala onse amakhala m'Chingerezi kupatula la Chichewa. Mwana wa ku Nsanje amene amadziwa bwino chifukwa chake madzi amasefukira akhoza kulakwa funso la kusefukira kwa madzi chifukwa sanamve mawu amodzi. Pamenepo tayesa sayansi kapena Chingerezi? Inde, wa ku Kyela ku Tanzania naye amakagunda khoma lomweli la Chingerezi akalowa Fomu 1, koma amakhala atakhwimako, atadziwa kale kuwerenga m'chinenero china.

Mu 2023 NECTA inasiyanso kulengeza sukulu ndi ana amene apambana onse m'dziko. Ine ndinaombera m'manja. Mpikisano wotere umachititsa sukulu kuloweza mafunso akale, ndipo ena amabisa ana ofooka kuti asaipitse mbiri.

Komabe sindingawatamande kotheratu. Ku Tanzania chikwapu ndi chololedwa ndi malamulo, mpaka zikoti zinayi, pomwe kwathu ndi ku Zambia n'choletsedwa (ngakhale chibalo chokumba dzenje sichinathe, tisanamizane). Atsikana otenga mimba anayamba kuloledwa kubwerera m'sukulu zaboma mu 2021, pomwe Malawi inatsegula khomo limeneli mu 1993, Zambia mu 1997. Mwana amene akulemba mayeso ali ndi mantha a chikwapu, dzanja limanjenjemera ngakhale yankho akulidziwa.

Za ku Zambia ndinena mwachidule, poti timafanana kwambiri. Nawonso mayeso omaliza pulayimale, a bungwe la ECZ, akhala ngati sefa yosankhira opita ku sekondale. Atachotsa fizi mpaka Giredi 12 mu 2022, makalasi anadzaza ngati athu a 1994, koma chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Mphunzitsi wokhala ndi ana ochepa ndi amene angazindikire kuti uyu samva bwino khutu limodzi, uyu saona pa bolodi.

Pali chinanso chimene kapepala kaja sikalemba. Teremu yathu yachiwiri imayamba mu Januwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zagona. Mwana amene wachoka pa nambala 10 n'kufika pa 40 mu Malichi, mwina sanapuse, wangogona ndi njala. Phala la pasukulu, monga limene a Mary's Meals anayamba kupereka kuno mu 2002, limakweza malikisi kuposa kulalata kwa makolo. Anzathu atatuwa chaka chawo cha sukulu chimayamba kumayambiriro kwa chaka, ndiye kuti mwana wa ku Chipata kapena ku Tete amayamba kalasi yatsopano m'miyezi yomweyi ya njala.

Mdzukulu wanga uja sanabwereze. Mayi ake anakakambirana ndi aphunzitsi, ndipo zinapezeka kuti amasokoneza b ndi d basi, china chilichonse amachitsata. Tinakhala naye tchuthi chonse tikulemba zilembo ziwirizi pa mchenga kuseri kwa nyumba. Teremu yotsatira atabwera ndi kapepala, ndinamupatsa paketi ya shuga kuti andiwerengere zolembedwapo, ndipo anawerenga, ngakhale mokakamira. Kenako, atalowa m'nyumba, ndinafunyulula kapepala kaja kuti ndione nambala.